Zaka 22 zomwe timalumpha pa nkhani ya Pretty Yende

Nkhani ya Pretty Yende anthu amakonda kuifotokoza ngati nthano. Amati mtsikana wa zaka 16 ankaonera TV kwawo ku Piet Retief, tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Mpumalanga ku South Africa, ndiye panadutsa uthenga wotsatsa malonda wa kampani ya ndege ya British Airways. Mu uthengawo munkamveka amayi awiri akuyimba, mawu awo okwera ngati si a anthu. Mtsikanayo anakafunsa aphunzitsi ake kuti chimenecho n'chiyani, iwo anamuuza kuti ndi opera, iye n'kupempha kuti amuphunzitse. Apa wofotokoza amalumpha zaka 22 n'kukamuimika mu Westminster Abbey ku London pa 6 May 2023, atavala diresi yachikasu, akuyimba pa mwambo wolonga ufumu Mfumu Charles III.

Zonsezo n'zoona. Koma zaka 22 zolumphidwazo ndi zomwe zakhala zikundisowetsa tulo miyezi ino, ndipo chifukwa chake ndi cha m'banja mwathu momwe.

Mlongo wanga ali ndi mwana wamkazi yemwe wangolemba kumene mayeso a Fomu 4. Amayimba sopulano mu kwaya ya achinyamata kutchalitchi kwathu, ndipo akayambitsa nyimbo pamaliro, amayi omwe amanong'onezana kumbuyo amasiya kaye. Masamu amakhozanso. Mayi ake akufuna akaphunzire zowerengera ndalama. Iye akuti akufuna zoyimba, koma osati zojambulitsa singo kustudiyo ayi, akufuna "zija za Pretty Yende", yemwe anamupeza pa YouTube. Nkhani itavuta inafika kwa ine, poti kwathu malume ndiye mwini mbumba. Mlongo wanga anangoti, "Achimwene, mulankhuleni mwana wanuyu, ine wanditopetsa." Mwana naye ananditumizira uthenga pa WhatsApp: "Amalume, musandikanize musanamumvere kaye."

Ndinamumvera, mpaka bandulo inatha kawiri.

Choyamba chomwe chinandigwira mtima ndi ntchito yeniyeniyo. Opera ndi sewero, koma mawu ake amayimbidwa m'malo molankhulidwa, ndipo kutsogolo kwa siteji kumakhala gulu la oyimba ndi zida, nthawi zambiri opitirira makumi asanu. Woyimba sapatsidwa mayikolofoni. Ku Metropolitan Opera ku New York kuli mipando pafupifupi 3,800, ndipo mawu a mayi mmodzi amayenera kudutsa pamwamba pa mavayolini ndi malipenga onsewo n'kukafika kwa yemwe wakhala pampando womaliza, osakuwa, kwa maola awiri kapena atatu. Ife a m'makwaya timaphunzitsana kuti mawu ako asatumphuke pamwamba pa anzako, ndipo ndi mwambo wabwino. Kumeneko n'kosiyana: uli wekha, ndipo kupuma kwako, kaimidwe kako, ngakhale pomwe waika lilime, zonse zimachita kuphunziridwa kwa zaka. Kuwonjezera apo umayimba m'Chitaliyana, m'Chifalansa kapena m'Chijeremani, pamaso pa eni chinenero omwe amamva ukalakwitsa katchulidwe. Nyimbo ya mu uthenga wa ndege ija, ya mu opera ya Lakmé yomwe anapeka Léo Delibes, ndi ya m'Chifalansa. Pretty, wobadwa mu 1985, kwawo ankalankhula Chizulu.

Ndiye anadutsa kuti? Kuyimba anayambira kutchalitchi, ngati ana athu omwewa, ndipo kusukulu anapeza kwaya. Atamaliza sekondale anapita ku South African College of Music pa University of Cape Town, komwe kuli sukulu ya opera yokhazikika, yomwe panthawiyo inali ndi aphunzitsi ngati Virginia Davids ndi Angelo Gobbato. Mu 2009 anapambana mpikisano wa Belvedere ku Vienna, n'kulowa sukulu ya achinyamata ya La Scala ku Milan, nyumba ya opera yomwe inatsegulidwa mu 1778. Mu 2011 ku Moscow anatenga mphoto yoyamba pa Operalia, mpikisano womwe anayambitsa Plácido Domingo. Mukawerenga bwino, kuchokera tsiku la TV lija kufika pa Operalia ndi zaka khumi, ndipo zambiri mwa zakazo anali m'kalasi, akubwereza mizere yomweyomweyo pambali pa piyano.

Gawo lomwe ndimalikonda kwambiri ndi la January 2013. Woyimba yemwe ankayenera kutenga mbali ya Adèle mu opera ya Rossini yotchedwa Le comte Ory ku Metropolitan anadwala. Anaitana Pretty kutangotsala masabata ochepa, mbaliyo asanaiyimbepo, kuti akaime pambali pa Juan Diego Flórez, mmodzi mwa amuna oyimba tena odziwika kwambiri padziko. Usiku woyamba, sewero likungoyamba, asanatulutse ngakhale liwu limodzi, anapunthwa pamasitepe n'kugwa anthu onse akuona. Anadzuka, n'kuyimba mpaka kumapeto, ndipo holo yonse inamuombera m'manja kwadzaoneni. Anali ndi zaka 27.

Anthu ambiri nkhaniyi amaikonda chifukwa cha kugwa ndi kudzukako. Ine chimandidabwitsa ndi foni ija. Munthu sangaphunzire mbali yaikulu ya opera, m'Chifalansa, m'masiku owerengeka, ngati satha kuwerenga manotsi mofulumira ngati mmene ife timawerengera mauthenga pafoni. Mwayi unabwera mwadzidzidzi, inde, koma unapeza munthu yemwe anali ataphika kale. Akanakhala ndi mawu okoma okhaokha, foniyo ikanapita kwa wina.

Kuchokera apo zinthu zinayenda mwachangu. Chimbale chake choyamba, A Journey, chinatuluka mu 2016 pansi pa Sony Classical, chachiwiri, Dreams, mu 2017. Mu 2019 ku Paris anayimba Violetta mu La Traviata ya Verdi, mbali yomwe masopulano ambiri amailota. Wokonza seweroli, Simon Stone, anamusandutsa Violetta kukhala mtsikana wotchuka pa intaneti, wa masiku athu ano, moyo wake ukuonekera pa masikirini akuluakulu pamodzi ndi mauthenga a pafoni. Mwana wa mlongo wanga mbali imeneyi ndi yomwe amaibwereza kwambiri, ndipo ndikumvetsa. Mu December 2024, potsegulanso tchalitchi cha Notre-Dame chomwe chinapsa ndi moto mu 2019, Pretty anali mmodzi mwa omwe anayimba.

Pali china chomwe ndinamuuza mwanayo ngakhale sanafune kuchimva. Mu June 2021, Pretty analemba pa masamba a mchezo kuti apolisi a pabwalo la ndege la Charles de Gaulle ku Paris anamusunga ndi kumusecha momuchotsa ulemu, pa nkhani ya mapepala olowera m'dzikomo. Apolisi anakana kuti anamuzunza, n'kunena kuti mapepala ake ndiwo sanali okwanira. Panthawiyo n'kuti akuyimba mbali yaikulu mumzinda womwewo. Aliyense wa ife yemwe anaimapo pamzere wa viza, kapena ali ndi m'bale ku Joni yemwe mtima umagunda akaona yunifolomu, akudziwa mmene zimakhalira. Ntchito imeneyi ndi ya m'masutikesi, mwezi uno Vienna, mwezi wamawa New York, maliro ndi maukwati a kumudzi ukuwamvera pafoni. Ndipo chida chako chonse ndi timinofu tiwiri ta pakhosi, tomwe chimfine chokha chimatha kutigoneka.

Komabe chomwe chinasintha maganizo anga pa nkhani yonseyi si Pretty yekha. Ndi mayina ena omwe amatuluka ukangofufuza pang'ono. Pumeza Matshikiza ndi Golda Schultz anadutsa ku University of Cape Town komweko. Levy Sekgapane naye anaphunzira kumeneko, n'kupambana Operalia mu 2017. Mng'ono wake wa Pretty, Nombulelo Yende, ndi sopulano woyimba ku Ulaya. Munthu mmodzi akhoza kukhala chozizwitsa, koma akafika asanu, ndiye kuti pali njira yomwe wina analambula. South Africa ili ndi mipikisano ya makwaya a m'sukulu komwe ana amayimbanso nyimbo za opera payekhapayekha, ili ndi mayunivesite ophunzitsa mawu, ili ndi Cape Town Opera komwe wophunzira amaona ntchitoyo ndi maso. Mwana wa ku Piet Retief anali ndi masitepe oti akwere, ngakhale anali otsetsereka.

Ife mawu tili nawo, zimenezo palibe wotsutsa. Pitani pa chikondwerero cha makwaya Loweruka lililonse mukamve. Koma mtsikana wa mawu okwera kwathu kuno nthawi zambiri amaphunzira nyimbo pomvera ndi makutu kapena pa do-re-mi wa pabolodi, amayimba ndi kukhosi mpaka kusasa mawu, aliyense n'kumamuyamikira kuti ali ndi mphatso. Mawu akuti mphatso amenewa ndayamba kuwakayikira. Amatipangitsa kuganiza kuti Mulungu anamaliza kale ntchito yonse, kwatsala n'kudikira munthu wa galimoto adutse amumve. Za masamu palibe amene amanena choncho. Mwana akakhoza masamu timamulipirira fizi.

Mlongo wanga sakulakwa. Walera mwanayu ndi geni ya kaunjika, ndipo akufuna pepala lomwe lidzabweretse malipiro pakutha pa mwezi. Mwana naye ali ndi yankho lokonzeka: Pretty nayenso ankafuna kudzakhala akauntanti asanamve nyimbo ija. N'zoona, koma ndinamukumbutsa kuti Pretty anasiya maganizo a maakaunti n'kulowa m'kalasi ina yovuta chimodzimodzi, osati kukakhala pakhonde kudikira kutchuka.

Zomwe tagwirizana pakadali pano n'zazing'ono. Pomwe akudikira zotsatira, aphunzire kuwerenga manotsi enieni, a mizere isanu aja, komanso kiyibodi. Abambo ena omwe amaliza limba kutchalitchi avomera kumuphunzitsa Lachiwiri ndi Lachinayi madzulo, ine ndizilipira. Ayambe Chitaliyana pafoni yomweyo yomwe amaonera mavidiyo. Ndamuletsa kutsanzira manotsi apamwamba a Pretty kubafa popanda womuwongolera, chifukwa mawu a mtsikana wa zaka 18 sanakhwime ndipo akhoza kuwonongeka. Pretty popambana ku Vienna anali ndi zaka 24, choncho nthawi ilipo. Tikufunsanso za maphunziro a nyimbo ku University of Malawi ku Zomba ndi ku Music Crossroads ku Lilongwe, kuti timve kwa eni ake zomwe angamupatse. Fomu ya zowerengera ndalama adzaza ndithu, mayi ake pamenepo sanagonje, ndipo ine sindinawakakamize.

Ikatha miyezi isanu ndi umodzi tidzakhalanso pansi atatu. Ndamuuza kuti tsikulo ndidzabwera ndi pepala la nyimbo yomwe sanaimvepo, n'kumupatsa kuti ayimbe pomwepo. Anaseka, n'kundifunsa ngati ineyo ndidzadziwe akalakwitsa. Ndinamuyankha kuti abambo a limba aja adzakhalapo.