Maola Atatu pa Tebulo la Makhadi

Mawu akuti juga saloŵa bwino m'khutu la Mkhristu wa mpingo wathu. Tinaleredwa tikudziŵa kuti makhadi ndi a anthu a kuseri kwa msika ndi a kumalo omwera moŵa, ndipo ambiri a ife akulu a mpingo takhalapo pa bwalo kumva mlandu wa bambo amene anatchovera juga ndalama zonse za thonje, ana ali ndi njala kunyumba. Chiphunzitso chimenechi nchakale. Katekisma Wamkulu wa Westminster, amene mpingo wa ku Scotland unamulandira m'chaka cha 1648, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chitatu amaika maseŵera omwaza chuma m'gulu limodzi ndi kuba. Tsono oŵerenga ena adzadabwa pomva kuti ine, mkulu wa mpingo ndi mphunzitsi wa zaka zopitirira makumi asanu, ndinakhalapo pa tebulo la maseŵera otchedwa poker. Ndalemba kuti makolo ndi achinyamata amve zimene ndinaona, pakuti zinthuzi zafika kale m'dziko mwathu, ndipo zikubwera zitavala malaya a chifundo.

Chiyambi chake ndi namondwe Freddy, amene anagwa kuchigawo cha kumwera m'mwezi wa Marichi 2023 ndi kupha anthu oposa 600, ambiri a iwo ku Blantyre, kumene matope anatsika m'phiri la Soche ndi kukwirira nyumba za ku Chilobwe. Ife a ku Midzemba, kumunsi kwa Neno, sitinaone maliro otero, koma pasukulu pathu zimbudzi zinagwa ndipo denga la chipinda chimodzi linasasuka. Ana a Sitandade 3 anayamba kuphunzirira pansi pa mtengo. Anyamata ndi atsikana amene tinawaphunzitsa kale, amene tsopano ali pa ntchito m'tauni, atamva zimenezi anagwirizana ndi anzawo a kuntchito kuti achite mpikisano wa poker wopezera ndalama za malata ndi simenti, ndipo anapempha kuti mphunzitsi mmodzi adzakhalepo m'malo mwa sukulu.

Ndisanavomere ndinafunsa mafunso atatu, popeza safunsa anadya phula. Ndalama zidzapita kuti? Wopambana adzatenga chiyani? Kodi padzakhala ana? Anandiyankha kuti aliyense adzapereka K20,000 pakhomo, ndalama yonseyo njasukulu, palibe amene adzatuluke ndi tambala imodzi, ndipo wopambana adzalandira mbuzi imene wina anapereka mwaulere. Ana osafika zaka 18 sadzaloŵa, monga malamulo a dziko anenera. Ndinakauza abusa. Iwo anakhala chete kanthaŵi, kenaka anati, "Pitani, akulu, mukaone ndi maso anu, koma mudzatiuze zonse." Mayi a kunyumba sananene kanthu, anangondisitira jekete.

Loŵeruka lina ndinakwera minibasi pa Zalewa, kudzera pa Mdeka, Lirangwe ndi Lunzu. M'holo yake munali matebulo asanu, lililonse la anthu asanu ndi atatu. Mnyamata amene ndinamuphunzitsa kugaŵa ndi kuchulukitsa zaka makumi aŵiri zapitazo ndiye anandikhazika pansi nayamba kundiphunzitsa ine. "Aphunzitsi, lero choko chili kwa ine," anatero akuseka. Anandipatsa mulu wa timapulasitiki tozungulira toimira ndalama, timene amatitcha matchipisi. Ine tchipisi chimene ndimachidziŵa ndi cha mbatata yokazinga cha pa Zalewa.

Maseŵerawo, a mtundu wotchedwa Texas Hold'em, amayenda motere. Makhadi onse alipo 52, a mitundu inayi, mtundu uliwonse makhadi 13. Woseŵera aliyense amalandira makhadi aŵiri obisa, oona yekha. Pakati pa tebulo amayala makhadi asanu oonekera kwa onse: poyamba atatu, kenaka limodzi, potsiriza limodzi. Munthu amaphatikiza ake ndi a pakatiwo kuti apeze asanu oposa a anzake. Aŵiri ofanana nambala amagonja kwa atatu ofanana, atatuwo amagonja kwa asanu otsatana, otsatanawo amagonja kwa asanu a mtundu umodzi, ndipo makwererowo amapitirira. Koma pakati pa kuyala kulikonse pamakhala kubetcha, ndipo apa mpamene pagona nkhani. Wina akaponya matchipisi pakati, iwe uyenera kusankha: kufananitsa, kuwonjezera, kapena kutaya makhadi ako ndi kusiya zimene waponya kale. Amene matchipisi ake atha, watuluka.

Ola loyamba ndinangoti zii, kutaya makhadi ndi kupenyerera. Pamenepo mphunzitsi wa masamu amene ali mwa ine anadzuka. Ndinaona kuti maseŵerawa ali ndi chiŵerengero chake chosasintha. Makhadi aŵiri a m'manja angabwere m'njira 1,326. Kulandira aŵiri ofanana nambala kumachitika kamodzi pa maulendo 17, ndipo kulandira ma Ace aŵiri, amene ndiwo aakulu koposa, kamodzi pa maulendo 221. Munthu amene ali ndi makhadi anayi a mtundu umodzi, kutatsala khadi limodzi loti liyalidwe, akudikira makhadi 9 mwa 46 amene sanawaone, ndiko kuti adzapeza kamodzi pa kasanu. Ndinakondwa nazo, sindibisa. Ndinaganiza za ana anga a Sitandade 7 amene amagona ndikamaphunzitsa tizigawo ta nambala.

Koma masamu si amene anali kulamulira m'holomo. Ife timadziŵa bawo, ndipo pa bawo zonse zili poyera: nkhomo zako ndi za mnzako zili m'maenje pamaso pa aliyense, wogonja wagonja chifukwa mnzake waŵerenga patali kuposa iye. Pa poker chinthu chachikulu nchobisika, ndipo luso lenileni ndi kuchititsa mnzako kukhulupirira chimene sichili choona. Pa tebulo langa panali mayi wina wa nkhope yofatsa ngati wa Mvano. Anaponya matchipisi ambiri mosatekeseka, amuna atatu nataya makhadi awo mwamantha, iye natembenuza ake: analibe kanthu konse. Tebulo lonse linaomba m'manja. Ine ndinakhala ndikudzifunsa ngati lamulo lachisanu ndi chinayi silinakhudzidwe. Mnyamata wanga anati, "Si bodza limenelo, aphunzitsi. Tonse tinagwirizana pokhala pansi kuti nkhope ya munthu siikhulupirika pano. Ngakhale wa mpira amanamizira kumanzere napita kumanja." Yankholo lili ndi nzeru, ndipo ndikulivomereza mbali ina. Wa mpira amanyenga ndi phazi kwa kamphindi. Uyu amaphunzitsa maso ake, mawu ake ndi mpweya wake kunena zabodza maola anayi, nayamikiridwa chifukwa cha icho. Sindikhulupirira kuti munthu angavule luso lotere ndi kulisiya pakhomo ngati nsapato.

Nthaŵi yanga inafika m'ola lachitatu. Ndinalandira mafumukazi aŵiri. Bambo wina wa ndevu anakankhira matchipisi ake onse pakati, ndipo ine nditaŵerenga bwino ndinakankha anga. Tinatembenuza: iye anali ndi ma 7 aŵiri. Pamenepo woseŵera wa mafumukazi amapambana pafupifupi kanayi pa kasanu. Makhadi atatu anayalidwa, palibe 7. Lachinayi, palibe. Kunatsala limodzi, ndipo mwa makhadi 44 osaoneka aŵiri okha ndiwo akanamupulumutsa. Ndinamva mtima kugunda m'makutu, m'manja muli thukuta, ine munthu amene ndaikapo maliro ambiri osanjenjemera. Khadilo linagwa: 7.

Ndinaimirira ndi kumugwira chanza. Ndinaseŵera molondola, masamu anali kumbali yanga, koma ndinatuluka. Apa mpamene ndinamvetsa chinthu chimene sindinachimvetsepo pa milandu yonse ya juga imene ndakhalapo. Ndinkayesa kuti wotchova juga amakokedwa ndi kupambana. Iyayi. Amakokedwa ndi kugonja kwa pafupi. Mumtima mwanga munali liwu lomveka bwino lonena kuti, zako zimenezi zalandidwa, bwerera ukatenge. Ndipo njira yobwerera inalipo, pakuti okonza mpikisano analola kuti wotuluka m'maola oyamba apereke K20,000 ina ndi kuloŵanso. Mnyamata wanga anandinong'oneza kuti, "Ndikulipirireni, aphunzitsi, ndi za sukulu yomwe." Ndinati, "Ayi, mwana wanga, ndikhale ndipenyerere."

Popenyererapo ndinaona mnyamata wina wa zaka ngati 25 akugulanso kachitatu. Anthu anamuombera m'manja monga wopereka mowoloŵa manja, koma ine ndaima pafupi ndi mbale ya chopereka zaka zambiri, ndipo nkhope ya munthu wopereka ndimaidziŵa. Imeneyo siinali nkhope yopereka. Pa nthaŵi yopuma anatulutsa foni nayamba kuona zotsatira za mpira wa ku England, m'thumba mwake mukutuluka timapepala tobetchera tomwe ndimatola pabwalo la sukulu. Anzake anali kumusimbira za Chris Moneymaker, wosunga mabuku a ndalama wa ku America amene m'chaka cha 2003, ali wosadziŵika, anapambana mpikisano waukulu wa World Series of Poker ku Las Vegas natenga madola 2.5 miliyoni. Nkhaniyo njoona. Koma chaka chimenecho analoŵa anthu 839, ndipo palibe anandiuza dzina la mmodzi wa iwo amene anabwerera kwawo chimanjamanja. Boma linakhazikitsa lamulo latsopano la juga ndi malotale m'chaka cha 2022, pamodzi ndi bungwe la MAGLA loyang'anira zimenezi, koma lamulo limaima pakhomo la shopu, pamene foni imagona ndi mwana pamphasa.

Ndiyenera kunenanso mbali inayo, popeza ndinalonjeza kunena zonse. Anthu a m'holomo sanali oipa. Ambiri sanaiponde Neno chibadwire, ndipo sakanabwera pa Paper Sunday yathu ngakhale titawalembera makalata khumi. Anaseka, anadya, palibe anakangana. Mbuzi anaipata mayi wofatsa uja, ndipo anaibweza kuti igulitsidwe ndalama ipite ku sukulu. Ndalama zonse zinaŵerengedwa poyera ndi kulembedwa, chinthu chimene makomiti athu ena a mpingo angaphunzirepo. Mvula ya chaka chimenecho isanayambe ana a Sitandade 3 anali m'chipinda chofoleredwa, ndipo zimbudzi zinayi zinali zitamangidwa. Ndikaimirira m'chipindamo mvula ikuomba malata, sindinganene kuti malatawo ngodetsedwa. Komanso sindingaiŵale kuti ena mwa iwo anagulidwa ndi K60,000 yowonjezera ya mnyamata uja, amene sindidziŵa ngati analipira lendi mwezi umenewo.

Nditafotokoza zonsezi pa bwalo la akulu, maganizo anagaŵanika. Mkulu wina wachikulire anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo sukulu ikadakana ndalamazo. Mayi wina, amene mdzukulu wake ali m'kalasi lomwelo, anafunsa ngati mkuluyo anakhalapo pansi pa mtengo m'mwezi wa Januwale. Ine ndinanena kuti ndalamazo tinachita bwino kulandira, koma sindidzavomera kuti mpingo kapena gulu la achinyamata lichite mpikisano wotere, ngakhale mphotho itakhala nkhuku, chifukwa amene tingawaphunzitse kukoma kwa khadi lotsiriza ndi ana athu omwe, ndipo m'matumba mwawo muli kale mafoni. Abusa anati tiyese mpikisano wa bawo pabwalo la tchalitchi, woloŵa apereke kamodzi kokha, wogonja asagulenso malo. Achinyamata anati bawo nja madala, pokhapokha titawonjezapo mpira wa miyendo ndi wa manja. Nkhaniyo inatumizidwa ku komiti ya chitukuko, pakuti chipinda cha Sitandade 5 nacho chayamba kudontha.