Ulendo wa ku Show Uyambira pa Machipisa

Ine ndine kalaliki pa mgodi wina wa golide ku dera la Shamva, ndipo nchito yanga ndiyo kulemba masiku a anthu ndi kuwerengera malipiro ao. Mungayese kuti munthu wa nchito yotere sangapusitsidwe ndi ndalama. Koma lero ndifuna kukuuzani umo ndinagwera cagada ku Show ya ku Harare ndiri ndi ana atatu, ndi umo ndinatolera nzeru pa Machipisa caka cotsatira, kuti wina wa inu popita ku chuthi asaone zimene ndinaona ine.

Agogo athu anacokera ku Dedza m'masiku a Citaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, nacona kuno. Mlongo wanga wamkuru akhala ku Highfield, m'cigawo cochedwa Lusaka. Amuna ace anamwalira, namsiyira ana atatu: mtsikana wa zaka 12, mnyamata wa zaka 9, ndi kamnyamata ka zaka 5. Anawa pandekha andichula amalume, koma akakhala ndi anzao amati sekuru, monga acitira Ashona. Dzina liri lonse limene angachule, katundu wace ndi mmodzi: malume ndiye mwini mbumba, ndipo akafika ku chuthi maso onse ali pa thumba lace.

Kumapeto kwa August, pamene ana ali pa chuthi, ku Exhibition Park mu Harare kucitika cionetsero ca zaulimi cimene anthu onse amangoti Show. Akuru amapita kukaona ng'ombe ndi makasu a makono, koma ana mtima wao uli pa Luna Park, kumene kuli akatungwe a citsulo, akavalo ozungulira, timagalimoto togundana, ndi gudumu lalikuru lokweza anthu m'mwamba.

Caka ca 2023 ndinawatenga anawo ndiri ndi ndalama zanga zonse za chuthi m'thumba limodzi. Tinanyamuka mocedwa, osadya kanthu kunyumba. Titangolowa pa cipata, kamnyamata kanayamba kulira njala, ndipo ndinagula cakudya ca komweko pa mtengo wa komweko. Tsono anaona maswiti onga thonje, naona zibaluni, naona zisoti za pepala. Akatsika pa katungwe uyu, ati, "Amalume, kamodzi kokha." Ine, pofuna kuti andiyese munthu wa ku migodi, ndinali kungopisa dzanja m'thumba. Akuru anati cakomacakoma pusi anagwa cagada. Madzulo powerenga zotsala ndinapeza kuti ndadya ndi zimene ndinalonjeza mlongo wanga za fizi. Sukulu zitatsegulidwa m'September ndinakatenga katapila, amene kuno amati chimbadzo, ndipo ndinamaliza kubweza m'December. Acemwali sananditukwane ai. Anangoti, "Acimwene, katungwe wa tsiku limodzi watidyera miyezi itatu." Mau amenewo anandipweteka koposa ndodo.

Caka ca 2024 anawo anapemphanso. Kukana ndikadakana, koma mwana wamasiye akaona anzace onse a mumseu apita, iye yekha atatsala, cimamlowa mumtima. Cotero ndinati tipita, koma ulendo uno uyambira pa Machipisa.

Amene simunafikeko, Highfield ali kumwera cakumadzulo kwa mzinda wa Harare, umene kufikira 1982 unali kuchedwa Salisbury. Lokeshoni imeneyi inamangidwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo zigawo zace zina ziri ndi maina a m'Buku: Egypt, Canaan, Jerusalem. Pakati pace ndiye pa Machipisa, bwalo la masitolo ndi msika. Dzinali ndi la munthu wa malonda amene anali ndi sitolo pamenepo kale, koma lichulidwa ngati lathu lomwe, pakuti m'Cishona kuchipisa ndiko kuchipitsa, kutsitsa mtengo. Pali mabucha, malo ometera, osoka nsapato, amai okhala ndi milu ya tomato ndi mbatata, anyamata a makombi akuitana anthu a ku tauni. Pamwamba pa zonse paoneka Mushandirapamwe Hotel, imene George Tawengwa anatsegula m'caka ca 1972. Ukaima pamenepo kanthawi, sulephera kumva wina akulankhula Cinyanja.

Tsiku la dzulo lace ndinakhala pansi ndi acemwali. Poyamba ndinawapatsa ndalama za fizi m'manja mwao, ndi kuti, "Izi bisani, ngakhale ndipemphe musandipatse." Zotsala za ulendo zinali $35. Ndinatenga maenvulopu anai a ku ofesi, ndi kulemba pa iri yonse: ya ulendo, ya cakudya, ya pa cipata, ya akatungwe. Mtengo wa pa cipata ndinafunsiratu kwa anansi amene anapitako Lolemba, pakuti umasintha caka ndi caka, ndipo safunsa anadya phula. Ndalama ya kombi yobwerera ndinaiika m'sokosi, kuti ngakhale satana andiyese isaturuke.

Cina cimene ndinacita ndico kusinthiratu ndalama. Kuno anthu agula ndi madola a ku America pamodzi ndi ZiG, ndalama imene inayamba m'April 2024, ndipo chenji ndi cinthu cosowa. Ukapereka pepala lalikuru kwa wogulitsa, kawirikawiri akuuza kuti utenge kanthu kena m'malo mwa chenji, ndipo umabwerako ndi maswiti amene sunawafune. Ine ndinayenda masitolo atatu pa Machipisa kufikira ndalama yanga yonse inasanduka mapepala a $1.

M'mawa acemwali anaphika nsima ndi nyemba, ndipo ana anadya nsima nthawi ya phala, nakhuta ndithu. Mwana wokhuta saona cakudya ca m'njira. Pa Machipisa tinagula buledi, nthoci, mtedza wokazinga, ndi maputi, cimanga cophulitsa cimene kwathu timati mbuliuli. Tinagulanso Mazoe, ndi kumsukuluza ndi madzi m'mabotolo awiri akuru. Mbatata yophika inacokera kunyumba. Mtsikana anasenza cikwama, nanyada ngati mai wa pa nyumba.

Tisanakwere kombi ndinawaimika onse atatu pa khonde la sitolo, ndi kutsegula envulopu ya akatungwe. Ali yense ndinampatsa $4 m'manja mwace. Ndinati, "Iyi ndi yako. Ukwere cimene ufuna, ugule cimene ufuna, ine sindinena kanthu. Koma ikatha yatha, m'thumba mwa amalume mulibe ina." Ndinatembenuza matumba a buluku kuti aone okha. Kamnyamata kanaseka, koma wapakati anayang'ana ndalama yace nthawi yaitali, monga acita munthu pa tsiku la malipiro.

Titalowa ku Show sitinapite ku akatungwe msanga. Ici ndico cinsinsi cacikuru, abale. Ukayambira kumeneko ndalama ithera m'ora limodzi, ndipo tsiku lonse lotsala ndi la misozi. Ife tinayambira ku makola, kumene munthu salipira kanthu kena. Tinaona ng'ombe za mtundu wa Mashona ndi Tuli, ndi nkhunzi za Brahman za linunda lalikuru ndi makutu ogwa. Tinaona nkhumba zonenepa zosatha kuima, mbuzi, nkhuku, maungu ndi cimanga ca alimi opikisana. Anawa anabadwira m'lokeshoni, sanawetepo ngakhale mbuzi, tsono mafunso anali ngati mvula. Ndinawauza za khola la agogo ao ku Dedza, monga anandiuzira amai, ndipo mtsikana anafunsa ngati tidzapitako tsiku lina. Mnyamata anakwera pa thirakita yoonetsa, nakana kutsika. Dzuwa litafika pamutu tinakhala pa udzu ndi kudya zathu za pa Machipisa, ndipo sitinali tokha, mabanja ambiri anali atamasula mipango yao.

Dzuwa litapendeka ndipo tinalowa ku Luna Park. Apa ndinaona zodabwitsa. Ana omwe aja amene caka catha anali kuthamangira ciri conse, tsopano anazungulira bwalo lonse kawiri, kufunsa mitengo ndi kuwerenga zala, asanaturutse kanthu. Kamnyamata kanasankha akavalo. Mtsikana anakwera gudumu lalikuru kamodzi, natsika maso ali gwa, akuti waona mzinda wonse, ndipo yotsala anaimanga pa mpango.

Wapakati ndiye anagwa m'mbuna. Atakwera timagalimoto togundana, anaona malo oponya mphete kuti upate cidole, ndipo anayesa kuti apata mpira. Ndinamuuza kamodzi kuti masewera otere mwini wace sataya, koma ndinali nditalonjeza kuti sindiletsa. Anaponya, naphonya, anaponyanso, naphonyanso, ndalama yonse psiti. Anabwera kwa ine milomo ikunjenjemera. "Amalume, dola imodzi yokha." Kunena zoona mtima wanga unafewa, ndipo dzanja linayamba kupita ku sokosi. Koma ndinakumbuka mau a acemwali, ndipo ndinati, "Mphwanga, tinapangana pa Machipisa." Anakhala pansi, nalira mosabisa.

Tsono mlongo wace anamasula mpango wace, naturutsa ndalama imene anasunga, nati, "Tiye tikakwere tonse, koma caka ca mawa udzandibwezera." Anakwera awiriwo, ndipo ine ndinaima pansi ndi kamnyamata pa phewa. Ndikadapereka ine ndalama ija, mnyamatayo akadaphunzira kuti amalume akalira munthu amagonja. M'malo mwace anaphunzira kuti ali ndi mlongo, ndi kuti ali ndi ngongole.

Tinaturuka kusanade, pakuti usiku makombi asowa ndipo mtengo ukwera. Pofika pa Machipisa m'envulopu ya cakudya munali mutatsala $2, ndipo tinagulira acemwali buledi ndi tomato. M'mawa mwace, tsiku la Sabata titacoka ku chalichi, ndinapita nao ku Zimbabwe Grounds, pafupi ndi bwalo la mpira la Gwanzura. Pamenepo mpamene khamu lalikuru linasonkhana m'January 1980 kulandira Robert Mugabe pobwera kucokera ku Mozambique, koma masiku wamba ndi malo a mpira wa anyamata a m'lokeshoni, woonera ulere. Anawo anakuwa ndi kubvina kufikira madzulo, osalipira ngakhale kobiri, ndipo sindinganene kuti anakondwa mocepa kuposa dzulo lace.

Abale, ndalama ya pansi pa mgodi imabwera ndi thukuta ndi pfumbi la m'cifuwa, ndipo ine amene ndilemba masiku anu ndidziwa kuti $35 ndi mashifiti angati. Musawamane ana cisangalalo, pakuti ubwana subwera kawiri. Koma perekani za sukulu poyamba, adyetseni asananyamuke, gulani kamba ku msika wa kwanu, ndipo ndalama ya akatungwe muwapatse m'manja mwao, aiwerenge okha.

Sukulu zitatsegulidwa acemwali ananditumizira mau kuti fizi yalipidwa yonse tsiku loyamba. Anatinso mnyamata uja wapeza kacitini, ndipo akuponyamo timakobiri ta ngongole ya mlongo wace. Tsalani bwino nonse.