Musasayine pangano la galimoto muli chiimire

Abale anga, ine ndagwira unamwino zaka 35, ndipo sindinaperekepo mankhwala ndisanawerenge zolembedwa pabotolo. Koma pangano logulira galimoto ndinangosayina osaliwerenga.

Munali mu Okutobala 2023. Ndinanyamuka kuno kwa Chambe ndi ndalama zanga zopumira pantchito, ulendo wa ku Blantyre kwa bambo wina woitanitsa magalimoto ku Japan. Ndinanenerera mpaka anatsitsako mtengo, ine kusekerera, n'kupereka theka. Mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Foni inalira: "Amayi, muwonjezere." Poti ndikalipe, anandilozera kamzere kam'munsi koti mtengo uzitsatira dola. Ndinachita kukongola kubanki m'khonde kuti ndimalize.

Inu mukapita, nenererani ndithu, koma pepalalo mupite nalo kunyumba, mukaliwerenge modekha. Palembedwe mtengo wonse m'makwacha, yemwe alipire msonkho wa MRA, tsiku lofika galimoto, komanso zoti ikachedwa akubwezerani zingati. Zapakamwa zija, zoti "musadandaule mayi", mawa adzazikana. Ikafika, yerekezani nambala ya chassis ndi yolembedwa m'mapepala ake musanapereke zotsala. Wokuletsani kutenga pepalalo, mutsanzikeni mwaulemu ndalama zanu zili m'chikwama.