Biti Isamamize Mawu

Anyamata a masiku ano amakopera biti pa intaneti, n'kuthirapo mawu pa foni, kukacha ayamba kudzitcha maprodyusa. Pano pa Kachulu alipo kale angapo. Msodzi akagulitsa bwino matemba amabwera kuti ndimujambule nyimbo, akamva mtengo amati, "Achimwene, uko akujambula ndi theka lake." Pitani konko. Sola ndi batire izi sindinachite kutola.

Wofuna kudziwa chimene ndimalipiritsa amvere Paid in Full, chimbale cha Eric B. ndi Rakim cha 1987. Ine ndinachimvera kwa aphunzitsi anga, mkulu wina wokonza mawailesi ku Chinamwali, pa kaseti yotheratu imene ankaibweza ndi bolopeni posunga mabatire. Ankaika nyimbo yamutu wa chimbalecho n'kufunsa, "Iwe, zikulira zinthu zingati mmenemu?" Ukati zambiri, ankabweza tepi. Ukatchula nambala yongolota, ankabwezanso, maso ali pa waya amene akuwotcherera. Dzuwa linkapendeka nsima osaiona, ndipo ukadandaula ankakutuma kukagula sodala m'tauni wapansi.

Zolira n'zochepa ndithu: ng'oma zodulidwa mu "Ashley's Roachclip" ya The Soul Searchers, bezi yochokera mu "Don't Look Any Further" ya Dennis Edwards, kachitoliro, ndi kukanda mbale apo ndi apo. Malo onse otsala ndi a Rakim. Iyeyu sakuwa monga ankachitira a Run-DMC. Ali mwana ankaimba saxophone, ndipo zimamveka pa kapumidwe kake. Mawu omveka mofanana amawaika pakati pa mzere, osati kumapeto kokha, ganizo n'kudumphira mumzere wotsatira iye osathamanga. Si chimbale chonse chimene chimakoma: "Chinese Arithmetic" ine ndimaidumpha, kukanda mbale kunachulukitsa.

Zolumikiza mawaya sindinena, aliyense angathe. Ntchito ili pa kudula. Ine ndimajambula ng'oma za tchopa usiku, chigayo chikazima ndi mphepo ya kunyanja ikaleka kulowa m'maiki, matiresi ali kukhoma. Kenako ndimafunafuna pamene dzanja lagunda chikumba. Ukadula mochedwa pang'ono, ng'oma imataya mutu. Ukafulumira, biti imatsimphina nthawi iliyonse ikabwereza, ndipo woimba amapunthwa osadziwa chamupunthwitsa. Oimba ng'oma sayenda ndi wotchi ya kompyuta, koma ukawawongola kwambiri tchopa imafa. Pamenepo m'pofunika khutu, maso pa sikirini sathandiza.

Ndikamaliza, kasitomala amati biti yachepa, ndiwonjezere piyano, malipenga ndi kwaya. Ndimakana. Ngati mawu ako sangaime pa ng'oma ndi bezi, kalembenso.

Inu amene munatenga nyimbo pangongole, nyanja ikatsegulidwa mudzayambire kuno musanapite kumowa.