Kwa Mwana Wanga, pa za Kugula Masitampa Akale

Mwana wanga wokondedwa,

Popeza tsiku la ulendo wako wa ku London layandikira, ndipo m'katundu wako mwalowa kale buku la masitampa lija anatisiyira agogo ako, ndaona kuti nkwabwino ndikulembere mawu awa, kuti pamene pakamwa panga padzakhala patali, pepala lidzalankhule m'malo mwanga. Za kudya, za kupemphera ndi za anzako oyenda nawo amayi ako akulangiza kale, ndipo sindiwonjezapo kanthu. Ine ndinena za chinthu chimene ndidziwa kuti mtima wako wachikonda, pakuti kumene ukupitako kuli masitolo ndi nyumba za okushoni kumene kapepala kosaposa chikhadabo kamagulidwa ndi ndalama zomangira nyumba, ndipo mnyamata wa chikondi chambiri koma wa chidziwitso chochepa ndiye amene onyenga amamdikira pakhomo.

Poyamba, usayese kuti ukalamba wa sitampa ndiwo mtengo wake. Penny Black, sitampa yoyamba pa dziko lonse lapansi, imene inatuluka ku Britain m'chaka cha 1840, inasindikizidwa yoposa 68 miliyoni, kotero kuti yotsala njambiri kufikira lero, ndipo munthu wa malipiro wamba angathe kukhala nayo. Komabe ziwiri zobadwa tsiku limodzi zimasiyana mtengo kutalitali, chifukwa masiku amenewo masitampa analibe mano a m'mbali, ndipo ankawadula ndi sizasi. Imene inadulidwa mofatsa, nkutsala ndi malire oyera mbali zonse zinayi, imaposa kangapo inzake imene sizasi inaluma chithunzi. Mtengo umabadwa m'zinthu zitatu: kusowa kwa sitampayo, kuchuluka kwa oifuna, ndi umo yasungikira.

Tsono tchera khutu, pakuti apa ndipo pagona nkhani. Zilema za sitampa zili mitundu itatu, ndipo wosadziwa kuzisiyanitsa asatulutse chikwama chake. Chilema choyamba ndicho chobadwa nacho, cholakwika cha osindikiza, ndipo chimenechi chimakweza mtengo. M'chaka cha 1918, ku America, pepala limodzi la masitampa 100 a masenti 24 linatuluka ndege yake itazondoka, ndipo William Robey, amene analigula pa positi ofesi ya ku Washington ndi madola 24, analigulitsa patangopita masiku ochepa pa madola 15,000. Chilema chachiwiri ndicho chodza pambuyo ndi manja a anthu, dzuwa ndi chinyezi: kung'ambika, kupindika, kuthothoka kwa dzino, kufwifwa kwa mtundu, madontho a dzimbiri, ndi kupyapyala kwa pepala pamene wina anakanganula sitampa mwaliwuma. Chimenechi chimagwetsa mtengo, nthawi zina kufikira kagawo kochepa ka mtengo woyenera.

Wogulitsa wochenjera adzakukumbutsa za sitampa ya senti imodzi ya ku British Guiana ya 1856, imene ngondya zake zinadulidwa ndipo nkhope yake njothimbirira, koma inagulidwa ku New York m'chaka cha 2014 pa madola oposa 9 miliyoni. Umuyankhe mwaulemu kuti imeneyo ili yokhayokha pa dziko lonse, ndipo woifuna alibe kwina kotembenukira. Koma sitampa yokhala ndi abale ake zikwizikwi ilibe chowiringula, pakuti yangwiro idzapezeka kwa iye amene alindira.

Chilema chachitatu, chimene chili choipa koposa zonse, ndicho chobisidwa. Alipo amisiri amene amamata zong'ambika, napaka guluu watsopano kumbuyo kuti sitampa ioneke ngati sinakhudzidwepo, naboola mano atsopano m'mbali yodulidwa, natsuka chidindo ndi mankhwala. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chifukwa chake usakhute ndi nkhope, koma uitembenuze ndi kapani, osati ndi zala, uyang'ane kumbuyo ndi galasi lokulitsira, uiunike pa kuwala kuti malo opyapyala aoneke, nuwerenge mano ndi choyezera chake, chimene chimaonetsa kuchuluka kwa mano pa masentimita 2 alionse. Guluu wopakidwa kachiwiri amatsalira pa nsonga za mano, naziumitsa, pamene guluu weniweni anapakidwa pepala lisanabooledwe, ndipo nsonga zimakhala zofewa ndi taubweya ta pepala.

Masitampa a dziko lathu lomwe adzakuphunzitsa zimenezi. Cha m'ma 1903 boma la British Central Africa linatulutsa masitampa a nkhope ya Mfumu Edward VII, pa pepala lokhala ndi chizindikiro chobisika cha chisoti chaufumu chimodzi ndi malembo CA. M'chaka cha 1907 a mapeni 2 ndi a mapeni 4 anasindikizidwanso pa pepala la zisoti zambirimbiri, koma popeza chaka chomwecho dzina la dziko linasintha kukhala Nyasaland, sanaperekedwe ku mapositi ofesi, ndipo opulumuka ndi owerengeka. Pamaso a 1903 ndi a 1907 ndi amodzi, koma oyambawo ndi a ndalama zochepa, achiwiriwo a mapaundi zikwi zambiri, ndipo chowasiyanitsa sichioneka kufikira utaika sitampa chafufumimba m'kambale kakuda, nudonthezerapo madzi ake oyezera. Momwemonso masitampa athu akale a mapaundi 10, amene ambiri a iwo sanayendepo pa kalata koma anamatidwa pa zikalata za msonkho ndi za malamulo, nalembedwa ndi cholembera kapena kudindidwa ndi chidindo cha ofesi: onyenga amatsuka inkiyo, naikapo guluu kapena chidindo chabodza cha positi, pakuti yoyenda pa kalata imaposa kutali yolipirira msonkho. Nyali ya kuwala kwa UV imaulula zotsalira za inki zimene diso silingazione.

Ngakhale utachita zonsezi, usadziyese wanzeru woposa onyenga. Jean de Sperati anapanga masitampa abodza mwaluso lotere kuti akatswiri ena anawavomereza, mpaka m'zaka za m'ma 1950 bungwe la British Philatelic Association linagula katundu wake ndi zipangizo zake kuti aleke ntchitoyo. Safunsa anadya phula. Ukafuna kugula sitampa ya mtengo wolemera, funsa satifiketi ya akatswiri odziwika, monga a Royal Philatelic Society London, bungwe limene linayamba m'chaka cha 1869, ndipo uonetsetse kuti chithunzi cha pa satifiketiyo ndi cha sitampa yomweyo ili m'manja mwako. Ngati satifiketi palibe, mupangane polemba kuti akatswiri akaikana, ndalama zako zidzabwezedwa. Ndipo wogulitsa wokana pangano lotere, kapena wokufulumizitsa kuti wina akuifuna madzulo omwewo, umtsanzike mwamtendere, nupite. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Za mtengo, dziwa kuti wolembedwa m'katalogi ya Stanley Gibbons ndi wa sitampa yosungika bwino, ndipo suli lamulo. Funsa zimene zofanana nayo zinagulidwira pa okushoni posachedwapa, nukumbukire kuti nyumba ya okushoni imawonjezera gawo lake pamwamba pa mtengo umene nyundo yagwera. Ika malire ako usanalowe m'chipindamo, ndipo usawalumphe chifukwa cha mpikisano. Usagule ndi ngongole, kapena ndi ndalama za lendi ndi za sukulu, pakuti sitampa imagulidwa tsiku limodzi koma woigula kwa iwe angachedwe zaka. Zimene wagula uzisunge kutali ndi dzuwa ndi chinyezi, ndipo selotepi isayandikire buku la agogo ako.

Chotsiriza ndi ichi, mwana wanga. Kugula sitampa yachilema si tchimo, malinga wachidziwa chilemacho ndipo walipira mtengo woyenera icho. Koma tsiku lidzafika limene iwe udzakhala wogulitsa, ndipo patsogolo pako padzaima wina wosadziwa zimene iwe udziwa. Pamenepo utchule chilema chilichonse iye asanafunse, umuonetse ndi galasi lako lomwe, ngakhale mtengo utsike pakati. Pakuti anthu a malonda awa ndi ochepa ndipo amadziwana, ndipo wobisa chilema kamodzi, ngakhale zangwiro zake zimakayikiridwa masiku ake onse.

Amayi ako ndi alongo ako akupereka moni. Ukafika utilembere msanga, ndipo Mulungu akusunge pa ulendo wako ndi pa ntchito za manja ako.

Ndine bambo wako wokukonda.