Kuyambira Wailesi ya Atate Mpaka Foni ya Mdzukulu

Ndili mwana kwathu kwa Mwase, nkhani zakutali zinkalowa m'mudzi kudzera m'wailesi ya atate, ija tinkaiyanikira mabatire padzuwa kuti abwerere mphamvu. Julius Chongo akangoyamba Poceza M'madzulo, amayi ankasiya mbale zili m'madzi. Munthu mmodzi yemweyo ankasanduka nkhalamba, mwana, kenako mfumu, ife kukamwa yasa. Koma anansi athu Atumbuka ankangomvera za eni ake, chifukwa pa zilankhulo 7 za wailesi ya boma chawo panalibe. Anadikira mpaka Radio Chikaya itatsegulidwa kuno ku Lundazi.

Lero aliyense wogula bando ya Airtel kapena MTN ndi muulutsi. Mdzukulu wanga amamanga duku, nkukulunga chitenje cha agogo ake, kenako amaika foni pa mtondo nkumatsanzira apongozi olongolola. Amasakaniza Chitumbuka, Chinyanja ndi Chizungu, ndipo a pa TikTok amaseka mpaka ku Mzimba, kutsidya kwa malire a Lusuntha. Nanenso ndimaseka, ngakhale chitenjecho chimabwerera chili mbuu. Alipo alaliki a pa Facebook, alipo ovina. Amene ndimamukonda ine ndi mlimi wosadziwa zodzikongoletsa, wongoonetsa mmene mbozi zadyera chimanga chake ndi mtengo umene mavenda akugulira soya. Ukalambanso si chifukwa: Giddes Chalamanda wa ku Malawi anatchuka pa TikTok ndi nyimbo yake ya Linny Hoo ali ndi zaka zoposa 90.

Amene amandivuta ndi othamangira tsoka. Galimoto ikagubuduka pa msewu wa ku Chipata, ovulala akubuula, iwo ali kalikiliki kujambula.

Pamaliro a alongo anga ndinaona mnyamata wina ataimirira pamwamba pa mulu wa dothi, foni ili m'mwamba, bokosi likutsika. Ndinamukoka malaya.

"Agogo, pepani," anandinong'oneza, "ana awo ali ku Johannesburg akuonera."

Ndinamusiya, manyazi atandigwira. Madzulo ake ndinamva kuti anthu osawadziwa n'komwe ankalemba ndemanga pa kaliridwe ka mlamu wanga, ena ati sanalire mokwanira.

Inu ana ojambula, onetsani kwathu kuno dziko lidziwe, Castle Hotel, msika, mganda ndi vimbuza zomwe. Koma pamaliro, yambani mwapempha kwa eni mbumba musanatulutse foni m'thumba.