Msuzi wa Abiti

Mudzi wathu uli m'mapiri a Dedza, m'dera la mfumu Tambala, kufupi ndi msika wa Mayani. Amene anafikako m'mwezi wa June adziwa m'mene kumazizirira. Nkhungu imaphimba mapiri kufikira dzuwa litakwera, ndipo okalamba sachoka pamoto. M'mudzimo tikhala mitundu iwiri: ife Achewa, ndi Ayao amene makolo awo anafika m'mapiri muno m'zaka za m'ma 1800. Ambiri a iwo ndi Asilamu. Timatunga madzi pachitsime chimodzi, ndipo pamaliro timalira pamodzi. Koma pa nkhani ya mphika panali malire.

Kuseri kwa nkhokwe yathu kukhala mayi wina wachiyao amene tonse timangowatchula kuti Abiti. Pa ukwati wa mkulu wanga tinapha nkhumba. Abiti anabwera ndi lichero la ufa, natunga madzi tsiku lonse, koma nthawi ya chakudya itakwana anatsazika osalawa ngakhale mbamu imodzi ya nsima. Amayi anga anakwiya kwambiri. Anati, "Amenewa amatiyesa auve." Kuyambira tsikulo kunali kungopatsana moni basi, ndipo zinakhala chotero zaka zisanu ndi chimodzi.

Chaka cha 2016 mvula inavuta, chimanga chinapserera, ndipo m'mwezi wa April boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Chisanu chitayamba, amayi anadwala chibayo. Anagona m'chipatala sabata ziwiri, nabwerako ataonda ngati bango. Kuchipatala anandilangiza kuti mankhwala otsalawo azimwa atadya. Koma amayi chakudya anachikana. Nsima ankati ikuwatsamwa, phala ankati likuwachititsa nseru. Ndinagulitsa nkhuku ziwiri kuti ndigule shuga ndi mkaka, koma zonse ankangokankha ndi dzanja. Usiku ndinkamvetsera kupuma kwawo, mtima uli m'mwamba, pakuti ndinaona kuti munthu amene anapulumuka ku matenda angathe kufa ndi njala chakudya chili pambali pake.

Chaka chimenecho mwezi wa Ramadhani unagwa m'June. Pa mwezi umenewu Asilamu sadya kapena kumwa kanthu kuyambira mbandakucha kufikira dzuwa litalowa. Tsiku lina madzulo, kuitana kwa kumzikiti kutangotha, ndinamva "Odi!" pakhomo. Anali Abiti, atanyamula kamphika kokulunga m'nsalu.

Anakhala pansi pafupi ndi mphasa, nati, "ANaphiri, ndamva kuti simukudya. Ndabwera ndi kamsuzi aka. Mukakakana sindidandaula."

Amayi anatembenukira kukhoma osayankha. Abiti anavundukula mphikawo, nangokhala chete. Fungo linadzaza nyumba yonse, fungo la matimati, jinja ndi mandimu, pamodzi ndi lina limene sindinalidziwe. Patapita nthawi amayi anandifunsa motsitsa mawu, "Mwanawe, n'chiyani chimenecho?" Ndinawadzutsa, ndipo anamwa masupuni atatu. Atapuma anamwanso ena asanu. Usiku umenewo anamwa mankhwala awo ndipo anagona tulo.

M'mawa mwake ndinapita kwa Abiti kukathokoza ndi kukapempha kuti andiphunzitse. Iwo anandiuza kumene msuziwo unachokera. Mwana wawo wamwamuna anapita ku Johannesburg, monga achitira anyamata ambiri a kwathu, ndipo anapeza ntchito yophika m'nyumba yodyeramo ya munthu wa ku Morocco, kudera lotchedwa Fordsburg. Atabwera kudzaona makolo anaphunzitsa amayi ake. Msuziwo dzina lake ndi harira.

Morocco ndi dziko la kumpoto kwenikweni kwa Africa. Eni nthaka akale a kumeneko ndi Aberiberi, amene amadzitcha okha Imazighen. Aluya anafikako m'zaka za m'ma 600 ndi chipembedzo cha Chisilamu, ndipo mitundu iwiriyi yakhala pamodzi kufikira lero. Kumeneko kuli mapiri aatali a Atlas, ozizira kuposa athu, pakuti kumagwa chipale chofewa. Pa mwezi wa Ramadhani mabanja ambiri amayamba ndi harira dzuwa likalowa, pamodzi ndi zipatso zotsekemera zotchedwa tende. Chifukwa chake n'chomveka. Mimba imene yakhala tsiku lonse yopanda kanthu sifuna chakudya cholimba msanga. Ifuna chofunda, chofewa ndi chamadzi, koma chopatsa mphamvu. Pamenepo ndinazindikira chimene Abiti anaganiza: mimba ya wodwala ndi mimba ya wosala kudya zifanana.

Tsono mvetserani m'mene anaphikira, pakuti ndinaonerera ndi maso anga.

Eni ake amathira tchana ndi nyemba zina zing'onozing'ono zaphanthiphanthi, ndipo ena amaonjezera nyama ya nkhosa. Abiti analibe zimenezo. Anatenga kapu imodzi ya nyemba zathu zomwe zimene anaviika usiku wonse, nazifikisa m'manja kuchotsa makoko monga tichitira pophika chipere. Anaonjezera theka la kapu ya mphodza. Kenaka anasinja mu kamtondo jinja, adyo, chikasu ndi tsabola pang'ono, pamodzi ndi kakhungwa konunkhira kotchedwa sinamoni, kamene amagula m'sitolo ku Dedza boma. Fungo limene sindinalidziwe lija linali la kakhungwa kameneka.

Anateleka mphika pamafuwa, nathira mafuta masupuni awiri, nakazinga anyezi awiri mpaka anafewa osapserera. Anathira zosinja zija natakasa pang'ono. Anandiuza kuti, "Zonunkhira zimadzuka m'mafuta, mwana wanga. Ukaziponya m'madzi zimagona." Pambuyo pake anathira matimati asanu ndi limodzi akupsa bwino, amene anawaviika m'madzi otentha, kuwasenda ndi kuwaphwanya. Matimati atasungunuka anathira nyemba, mphodza ndi madzi makapu asanu ndi atatu, navundikira. Mphikawo unawira pamoto wochepa ngati ola limodzi. Nyemba zitafewa anathira kachewere muwiri ndi karoti muwiri zoduladula, mpunga wodzaza dzanja limodzi, ndi mchere.

Chinsinsi chenicheni chili kumapeto. Anasungunula masupuni awiri a ufa wa tirigu m'madzi ozizira mpaka mibulu yonse inatha. Anathira m'mphika pang'onopang'ono, dzanja lina likutakasa ndi mthiko osalekeza. Msuzi umene unali wamadzimadzi unasanduka woterera, wosalala pakhosi, koma osalimba ngati phala. Anati ufa wa tirigu ukasowa, ufa woyera wosefa bwino ugwiranso ntchito. Ataphula anawaza masamba onunkhira amene Amwenye amati dhania, ochokera m'dimba mwawo, nafinyira ndimu limodzi.

Pamenepo anatunga pang'ono ndi chipande nandipatsa, nati, "Lawa iwe mchere, ine ndafunga." Ndinachita manyazi aakulu. Mayi ameneyu anakhala pa utsi ndi pa fungo lokoma lija kuyambira masana, kukhosi kuli gwa, kuphikira munthu amene sanamulankhule bwino zaka zisanu ndi chimodzi.

Ndinalimba mtima ndi kuwafunsa za tsiku la ukwati lija. Iwo anaseka, nati, "Mwana wanga, ndikanakhala kuti ndimanyansidwa nanu, kodi ndikanatunga madzi anu? Nkhumba ndi lamulo la chipembedzo changa, ndipo tsiku lija miphika ndi zipande zinasakanizika. Ndinaopa kunena, kuti ndingaononge chimwemwe chanu." Mawu amenewa ndinakawauza amayi monga anawanenera. Amayi anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Ukapita kumsika ukagule mphika watsopano. Umenewo nkhumba isadzalowemo."

Mwezi wonse uja amayi ankamwa msuziwo madzulo, tsiku lina wophika ine, tsiku lina wophika Abiti. Sindikunena kuti msuzi ndi mankhwala. Chibayo chinachira ndi mankhwala a kuchipatala. Koma msuziwo unatsegula kukhosi, ndipo pofika tsiku la Idi, kumayambiriro kwa July, amayi anali atayambanso kudya nsima. Anayenda ndi ndodo mpaka pakhomo pa Abiti, atanyamula nkhuku yamoyo kuti eni ake akazinge okha monga mwa mwambo wawo.

Mwina wina anganene kuti chakudya cha Aluya n'chachilendo kwa ife. Koma taganizani za futali, mbatata kapena maungu othira nsinjiro, amene tonse timadya. Dzina limeneli linachokera ku mawu a Chiswahili akuti futari, ndipo Aswahili analitenga ku Chiluya, kumene litanthauza chakudya chomasulira kusala. Linafika kuno ndi amalonda oyenda pakati pa nyanja yathu ndi gombe la Kilwa ndi Zanzibar. Ngakhale matimati amene afiiritsa harira, kachewere amene Dedza atchuka naye, ndi chimanga chathu chomwe, zonsezi mbewu zake zinachokera ku America. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo m'miphika yathu alendo alowamo kale ambiri.

Inu anzanga amene muli ndi wodwala kapena wokalamba amene akukana nsima, yesani msuzi umenewu. Zofunika zake zambiri muzipeza m'dimba mwanu kapena pamsika wa Bembeke, ndipo sinamoni akasowa musaleke kuphika. Kwa wodwala chepetsani tsabola, ndipo mupatseni pang'ono koma kawirikawiri. Ndipo ngati pali mnansi amene anakana chakudya chanu, musafulumire kuweruza monga tinachitira ife. Pitani mukamufunse chifukwa chake.

Mphika watsopano uja ulipobe, ngakhale wada ndi mwaye. Ramadhani imabwerera m'mbuyo masiku khumi kapena khumi ndi limodzi chaka chilichonse, kotero tsopano sigwanso m'nyengo yachisanu. Koma June akafika, nkhungu n'kutsika m'mapiri, amayi amandituma kukaitana Abiti, ndipo awiriwo amakhala pamphasa imodzi, aliyense ndi mbale yake, kutsutsana ngati mchere wakwana.